Laputopu Yanga Anati Yapsa, Ndaipeza Ikuimbitsa Anthu M'tchalitchi

Ndalusa, ndipo ndilemba zonse monga zinachitikira. Laputopu yanga, imene ndinauzidwa kuti yapsa ndipo sidzayakanso, ndinaipeza Lamlungu lapitali ikuyaka bwinobwino pa boma pa Kasungu. Wondinamizayo si mlendo ayi. Ndi Yohane, munthu amene anandigwirizira ukwati.

Kwa inu amene simundidziwa, ine ndimajambula kanema pa maukwati ndi pa zinkhoswe, kuyambira kwathu ku Chulu mpaka ku Kapelula. Anthu akagulitsa fodya maukwati amachuluka, ndipo ndi pamene ine ndimadyera. Laputopu imeneyi inali khasu langa. Vuto lake linali limodzi basi. Ndikamalumikiza kanema inkayenda ngati ngolo yamira m'matope.

Yohane tinakulira limodzi. Tinkasoka fodya m'chigafa chimodzi tili ana. Pano ali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta pa boma. Ndi iye amene anandiuza kuti mankhwala ake n'kuika ramu yaikulu. Ramu ndi kachipangizo kobiriwira, kotalika ngati chala, kamene kamathandiza kompyuta kunyamula ntchito zambiri nthawi imodzi. Anati ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo pochoka pashopupo makinawo azithamanga kuposa njinga yamoto.

Ndinafika Lachiwiri m'mawa, laputopu ili bwinobwino. Ndinaiyatsa pamaso pake, inayaka. Anaimasula, n'kuzula ramu yakale, n'kulowetsa yatsopano. Anadina batani. Kagetsi kanayaka. Fani inayamba kuzungulira. Koma sikirini bii, ngati mkati mwa mphika. Kenako inayamba kulira, pii, pii, pii, n'kukhala chete, n'kuyambiranso.

Iye anangoseka. Anati ikuwerenga kaye ramu yatsopano, tiidikire. Tinadikira mpaka fani inayamba kutulutsa mpweya wotentha. Anachotsa batire, n'kupanikiza batani nthawi yaitali. Palibe. Analumikiza sikirini ina ya m'shopumo. Mdima womwewo. Anazula ramu ija, n'kuipukuta mano ake ndi labala ya ana asukulu, n'kuiuzira, n'kuibwezera. Pii, pii, pii.

Ine sindine katswiri, koma nzeru yobadwa nayo ndili nayo. Ndinamuuza kuti angobwezera yakale ija, ndizipita ndi ngolo yanga. Anakana. Anati kuzulazula kumapsereza bodi, chimene chili ngati mtima wa kompyuta. Ndiisiye, mawa ndidzaipeza ikuseka.

Ndisanatuluke ndinamuuza chinthu chimodzi, ndipo ndinachibwereza. M'laputopumo munali kanema wa ukwati wa Alinafe, mtsikana wa ku Kapelula. Khadi ya mu kamera ndinali nditajambulirapo kale ukwati wina, moti kanemayo analibe kwina kulikonse. Mayi ake a Alinafe anamwalira patangopita masabata awiri chichitikire ukwatiwo. M'kanemamo akuvina, akufupa, akulangiza mwana wawo. Banja lonse linkadikira.

Yohane anagwira pachifuwa. "Aise, ineyo? Zinthu zako zili m'manja mwa m'bale wako."

Lachinayi ndinabwerera. Ndinamupeza nkhope ili yachisoni ngati ali pamaliro. Anati bodi yapsa, ndipo inali itadwala kale, ramu yangoulula matenda. Yodwala bwanji poti inabwera ikuyaka? Anati makina ali ngati munthu, amagwa akuyenda. Ndinafunsa za ramu yanga yakale kuti tiyesere. Anati waiika kale m'makina a kasitomala wina. Ramu yanga! Anandipempha liti?

Ndinameza. Ndinati chabwino, andichotsere hadi disiki, mosungira zinthu muja, ndikatenge kanema wa anthu. Anati kasikuludiraiva kake kabwerekedwa ndi mnzake. Shopu yokonza makompyuta, kasikuludiraiva kamodzi?

Kuchokera pamenepo zinangokhala nyimbo. Lero magetsi athima. Mawa wapita ku Lilongwe kukasaka bodi ina. Mkuja laputopu yatsala kwa katswiri wa ku Lilongweko, amene foni yake inagwera m'madzi. Ine ndikuthamanga pa njinga yamoto kuchoka ku Chulu, fumbi mpaka m'mano, kudzangomva nthano. Mwezi unatha. Maukwati awiri ndinawakana chifukwa ndinalibe polumikizira kanema. Mwamuna wa Alinafe akaimba foni ndinkangoti makina ali kwa dokotala, apirire pang'ono. Ndinkamuikira kumbuyo Yohane ngakhale kwa mkazi wanga, amene ankati nkhaniyi ikununkha. Ndinkati iwe sumudziwa Yohane.

Ndiye Lamlungu lija ndinaitanidwa kukajambula ubatizo wa mwana pa tchalitchi china pa boma. Kutsogolo kunali purojekita yoonetsa mawu a nyimbo pakhoma. Ndikusaka poima, maso anagwera patebulo. Laputopu yakuda, ngodya yakumanzere yosweka, yomatidwa ndi tepi yofiira. Ngodya imeneyo inasweka tsiku limene ndinagwa pa njinga yamoto ku Lukwa. Tepiyo ndinamata ndi manja angawa. 

Mapemphero atatha ndinapita kwa mayi amene ankaiyendetsa. Ndi aphunzitsi a kusekondale, anabwera kuno chaka chatha. Ndinawafunsa mwaulemu kumene anaigula. Anatchula shopu ya Yohane. Anaigula Lachisanu, tsiku lotsatira lenileni chindiuzire kuti yapsa. Yohane anawauza kuti mwini wake akuthamangira ku Joni ndipo akufuna ya thiransipoti mwachangu. Anadzitamanso kwa iwo kuti makinawo anachita khungu chifukwa munalowa ramu ya mtundu wolakwika, koma iye atangoika yoyenera anayaka nthawi yomweyo.

Mwamva? Bodi sinapse. Sinadwalepo. Ramu imene anaika tsiku loyamba sinali yogwirizana ndi makina anga, ndipo iye anazindikira. Mankhwala anali kungosintha kachipangizo kaja. M'malo moti andiimbire foni, anaona msika.

Mayiwo anatsegula kuti ndione. Munali mayeso a ana asukulu ndi nyimbo za kwaya. Zanga zonse Yohane anafufuta asanagulitse.

Lolemba tinapita limodzi kushopu. Yohane atationa tikulowa, laputopu ili m'manja mwa aphunzitsi, anayamba kusakasaka chinthu pansi pa tebulo. Poyamba anati malaputopu amafanana. Ndinaloza tepi. Kenako anati bodi inadzuka yokha. Aphunzitsi anamukumbutsa za ulendo wanga wa ku Joni. Pamenepo anasintha nyimbo. Anati anapanikizika ndi lendi, ndipo ankafuna kudzandigulira ina yabwino zinthu zikayenda, n'kundidabwitsa.

Ndinamufunsa za kanema wa Alinafe. Anandiyang'ana m'maso, osaphethira.

"Koma nawenso aise, wojambula weniweni sasunga malo amodzi."

Ameneyo ndiye anali pepani wanga.

Aphunzitsi aja Mulungu awadalitse. Alibe mlandu, nawonso anapusitsidwa. Anandilola kupita ndi makinawo kwa wokonza wina kuti ayese kufukula zofufutidwa. Anayesa tsiku lonse. Zimene zinatuluka ndi tizidutswa tosatseguka. Anati pamwamba pake palembedwa kale zinthu zina zambiri.

Dzulo ndinapita ku Kapelula. Nkhani ngati iyi siyonenera pafoni. Ndinapeza Alinafe akutonola chimanga pakhonde, mwamuna wake akukonza njinga. Alinafe atandiona ananyamuka msangamsanga, akupukuta manja pachitenje, n'kutuma uthenga kwa azakhali ake kuti kanema wafika. Ndinakhala pansi. Ndinafotokoza zonse. Mwamuna wake anangoweramira njinga ija. Alinafe sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu.

"Achimwene, ngakhale kachidutswa kokha kamene amayi akuyankhula?"

Inu a pa boma, a ku Chulu, a ku Lukwa, ndikuchenjezeni. Mukapita kokaika ramu, musachoke. Makina akapanda kuyaka, yakale ibwerere pomwepo, maso anu akuona. Akakuuzani kuti bodi yapsa, nyamulani mtembo wanu mupite nawo kwanu. Musasiye chifukwa choti wokonzayo ndi wa kwanu. Ine ndinasiya chifukwa chimenecho.

Tsopano iwe Yohane. Ndikudziwa kuti ukuwerenga, chifukwa foni yanga sukuyankha koma ndikukuona uli pa intaneti. Za laputopu tikakambirana kupolisi, aphunzitsi avomera kukhala mboni. Koma pali funso limene polisi singayankhe. Unadziwa zimene zinali m'makinamo. Ndinakuuza dzina la mtsikanayo, ndinakuuza za malirowo. Pamene unkadina kuti zonse zifufutike, sukanakopera kaye pa fulashi? Mafulashi uli nawo m'galasi mwako, umagulitsa wekha.

Alinafe ndinalephera kumuyankha. Loweruka m'mawa ndidzaima pakhomo pa shopu yako ndi njinga yamoto. Udzakwere kumbuyo. Tipite ku Kapelula, ukamuyankhe wekha.