Jekete ya Kumgodi

Amuna anga atamwalira, abale awo anagawana zovala monga mwa mwambo. Ine, mphunzitsi wobwera wa ku Ntcheu, ndinangokhala pakhonde n'kumaona nsapato zikupita ku Bandawe, suti ku Limphasa. Koma jekete yabuluu ya kuntchito ndinaikhalira. Mlamu wanga anaifunafuna mpaka kuseri kwa matumba a ufa wa chinangwa. Atandifunsa ndinangochita ngati Chitonga chawocho sindichimva.

Jeketeyo anabwera nayo kuchokera kumpoto, kumgodi wa miyala ya yureniyamu kumene ankagwira ntchito. Lamulo linali loti zovala za kuntchito zizitsala komweko, koma bambo aja anali nkhutukumve. Ankati jekete yolimba chonchi singagone pamsomali mwini wake akuzizidwa. Atasiya ntchito anabwerera ku Chintheche, n'kuyamba kutsokomola, mpaka chifuwacho chinawatenga.

Sindinaichapepo. Inkanunkhira iwo: thukuta, fodya, ndi kafumbi kena kouma. Mwana wathu wamkazi, amene anali asanayambe n'komwe sukulu, sankagona osaifunda, mphuno ataibisa m'kolala.

Chaka chotsatira kunabwera akatswiri kudzacheza ndi mabanja a amene anagwirapo kumgodi. Tinakumana pansi pa mtengo wa mango kusukulu kwathu. Panali bambo wa kamakina koyezera, dokotala, wina wodziwa za miyala ndi madzi, ndi mayi wina amene ntchito yake, akuti, inali kufunsa momwe anthu amakhalira. Ameneyu ndinamuseka mumtima: nayenso amalandira malipiro chifukwa cha miseche?

Anatifotokozera za cheza chosaoneka ndi maso chimene miyala ija imatulutsa. Chikachuluka chimavulaza, koma chikakhala chochepa palibe amene amadziwa bwinobwino malire ake. Ndinathamangira kunyumba n'kubwera nayo jekete ija m'chitenje.

Kamakina kanalira tche, tche, tche, mwaulesi.

"N'zochepa, mayi," anatero mwini wake. "Miyala ina ya m'phiri imalira kuposa apa."

Ndinatembenukira kwa dokotala. "Ndiye si zimenezi zinawapha?"

"Sindingakunamizeni. Fodya angathe, fumbi lingathe, matenda ena angathe. Pa munthu mmodzi sitingaloze chala."

Ndinapsa mtima. Anthu ophunzira chonchi, galimoto yonse yodzaza, koma yankho limodzi lokha kuwakanika! Ndinayamba kukulunga katundu wanga. Apa m'pamene mayi wa mafunso uja anandigwira dzanja.

"Pepani, aphunzitsi. Jeketeyi imakhala pati kunyumba?"

"Mwana amafunda."

"Kumutu kapena kumiyendo?"

"Kumaso."

"Munaichapa liti?"

Ndinangopukusa mutu. Iye anamva.

Onse anasendera pafupi. Wa miyala anatembenuza thumba la jekete, fumbi lotuwa n'kuyoyokera papepala. Wa makina anati fumbilo likakhala pataliko palibe vuto, koma likalowa m'chifuwa nkhani imasintha. Dokotala anawonjeza kuti mapapo a mwana ndi anthete, ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo. Aliyense payekha akanandilola kubwerera nayo. Atasonkhanitsa nzeru n'kuona kuti jekete isabwererenso kunyumba, denga linasenzeka, koma linatsamira pa ine.

"Mwina sipangachitike kanthu," anatero dokotala. "Koma akanakhala wanga, sindikanayesa."

Ndinapempha kuti ndikangoichapa kunyanja. Wa miyala ndi madzi uja anakana: kumeneko n'kumene ana amasamba, n'kumene timatsukira mbale. Ndipo ndinadziwa ndekha kuti ndikaichapa, chimene ndinkasungacho chipita ndi thovu.

Anaiika m'pulasitiki n'kumata kuti apite nayo. Ndinafuna kuinunkhiza komaliza, koma mayi uja anangondiyang'ana mwachifundo, ine n'kubweza dzanja. Kumanda sindinalire ngati momwe ndinalirira tsiku limenelo, pamaso pa ana anga a sukulu.

Mwana anavuta milungu ingapo, kenako anazolowera bulangeti. Lero ndi namwali wathanzi, amathamanga osapuma wefuwefu. Kaya n'chifukwa cha tsiku lija, kaya akanakhala bwino ndithu, palibe adzandiuze. Akatswiri aja sindiwada. Anachita bwino, ndipo zimandipwetekabe.

Tsiku lina tikusenda chinangwa anandifunsa, "Ama, kodi ada ankanunkhira bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze. Ndinapeza kuti nanenso ndaiwala.