Chaka Chimene Atate Sanadzale

Anthu a kampani yomanga nyumba anafika mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, kudzaona munda wa atate m'mbali mwa msewu wa ku Mwami. Anati tauni ikukula, pakufunika mapuloti. Koma sanagule. Anasiya kandalama koti tiwasungire malowo mpaka kutha kwa Febuluwale, iwo akuyeza nthaka ndi kufunafuna zilolezo. Nthawi yonseyo tisagulitse kwa wina, komanso tisalime, poti mathirakitala akhoza kubwera tsiku lililonse. Anakhoma zikhomo zofiira m'malire n'kumapita.

Atate anaitenga nkhaniyi ngati chikole cha ukwati. Kwathu mwamuna akapereka chikole wadzimanga yekha, ndipo akathawa manyazi amagwira abale ake onse.

"Atate, panganoli lamanga inu nokha," ndinawauza. "Iwo akafuna agula, akapanda kufuna basi."

"Iwe mwana, munthu angataye ndalama zake chabe? Awa atomera."

Ndinapsa mtima, koma munda sunali wanga.

Mvula yoyamba itagwa, anzathu onse anatuluka ndi makasu. Amai anali ataswa kale mtedza wa mbewu, uli m'thumba kuseri kwa chitseko.

"Bambo, tidzaleko pang'ono kuseri kwa chulu," anawachonderera. "Adzaona ndani?"

"Ndinalonjeza. Akadzapeza mbewu m'munda adzati ndine wabodza."

Choncho m'mawa uliwonse atate ankanyamula chikwakwa kukatchetcha udzu kuzungulira zikhomo zija, kuti eni ake asadzavutike kuzipeza. Chimanga cha m'minda yoyandikana chinafika m'chiuno, kenako chinamasula. Ine ndinaleka kudutsa njira imeneyo, chifukwa ndikaona munda wathu uli tchire lokhalokha misozi inkalengeza.

Febuluwale atatsala pang'ono kutha, foni ya atate inalira. Anali mmodzi wa anthu aja.

"Amdala, mabwana apeza malo ena pafupi ndi magetsi. Kandalama kaja musabweze, n'kanu."

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero atate.

Zikomo ameneyo amandiwawa mpaka lero. Palibe anaphwanya pangano, palibe woti n'kumudandaulira, ndipo nyengo yodzala inali itapita. M'nkhokwe munali mbee.

Tsiku lomwelo amai anamasula thumba lija n'kukazinga mtedza wa mbewu. Tinadya osayang'anana. M'mawa mwake ndinamva atate akunola chikwakwa.

"Mukupita kuti, atate?"

"Kumunda. Udzu wakwirira zikhomo."

Sindinawaletse. Ntchito ina yoti akagwire kumeneko kunalibe.