Lole Imene Apongozi Anaiyesa ndi Khutu

Yoramu wa ku Bundabunda anali munthu wa ng'ombe. Ankangoyang'ana ng'ombe m'kamwa n'kukuuza zaka zake. Koma chaka chimene chimanga chinachita bwino, mtima unamuthawa, nafuna lole yonyamulira matumba ku Lusaka. Anagulitsa ng'ombe zake zolimira, Bulaki ndi Sitimela, kwa mnansi wake, m'khola n'kutsala ndowe zokha.

Za injini sankadziwa kanthu. Mkazi wake Dainess ndiye anati, "Mupite na atate, anasewenzako ku galaji ku Kabwe." Atatewo anali a Greenwell. Ku galajiko ankangopatsira masipanala, koma pamudzi anali amakanika aakulu.

Pa yadi ya magalimoto akale ku Lusaka, wogulitsa, munthu wa pakamwa potsekemera, anati mapepala osonyeza mmene loleyo inkakonzedwera anadyedwa ndi chiswe.

"Mapepala ni ya chani?" anatero a Greenwell. "Ine nimamvera na khutu."

Anaponda matayala, anagunditsa khutu pa boneti, nagwedeza mutu ngati akumva kwaya.

Yoramu anali atanjuta chapatali, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi. Ndipo poti anali pansi, ndi iye amene anaona mafuta akuda akudontha kunsi kwa lole, ali ndi utuchi. Ankadziwa kuti ng'ombe yochucha mamina sigulidwa. Mawu anafika pammero. Koma mkamwini n'kuwatsutsa apongozi pamaso pa mlendo? Anawameza mawuwo. Ulemu wauchitsiru! Analipira, wogulitsa akumwetulira mpaka mano a m'mbali.

Ulendo woyamba wa chimanga, atangowoloka mtsinje wa Chongwe, giyabokosi inakukuta mano, lole n'kuima. Dalaivala wina wodutsa anaitsegula, napeza phala la utuchi limene wogulitsa uja anathiramo kuti magiya akutha asamasokose. Yoramu anabwerera ku yadi kuja magazi akuwira.

"Munabwera na makanika wanu, tate," anatero wogulitsa. "Anavomera ni ine?"

Kumudzi a Greenwell anauza mwana wawo mokweza, kuti mkamwini amve ali kuseri kwa nkhokwe: "Mwamuna wako ayendetsa motoka monga ngolo. Ine ninamusankhira yabwino." Yoramu anakwiyira wogulitsa, anakwiyira apongozi, koma koposa anadzikwiyira yekha, amene anaona ndi maso ake n'kukhala chete.

Chimanga chinkanyowa pamsewu, chifukwa mvula inali itayamba. Wokoka lole panalibe, koma mnansi uja ndi ng'ombe zake zatsopano, Bulaki ndi Sitimela. Mnansiyo anazimanga kutsogolo kwa lole, nazikwapula, koma sizinasunthe. Anakwapulanso.

"Lekani kuzimenya!" anakuwa Yoramu.

Anaimba kamluzu kake ka kumunda. Bulaki ndi Sitimela anaimika makutu, natsamira pagoli, lole n'kuyamba kuyenda. Anthu a m'mbali mwa msewu anafa nazo nseko, iye akuyenda pambali osayang'ana munthu.

Atafika kumudzi, mnansi anamasula ng'ombe zake kuti azipita. Podutsa pa khola lakale la Yoramu, Sitimela anakhota yekha kuti alowe, ndipo mnansiyo anamubweza ndi chikwapu cha pamphuno.

M'mawa mwake minda ya anzake inkalimidwa ndi pulawo. Yoramu anadutsa pa lole, mmene nkhuku zinali zitayamba kale kubisalamo mvula, ali ndi khasu paphewa.