Triza wa kwa Tengani ndi Foni ya Bambo Ake

Inu amene munalephera mayeso n'kuyamba kudziona ngati mbuli, imvani za Triza wa kwa Tengani.

Chaka cha korona chija, sukulu zitatsekedwa, a Geresomo anaitana mwana wawo Triza pansi pa mtengo wa nimu n'kumuonetsa foni. Pa gulu la Watsapu la ana a Fomu 4, mphunzitsi wa masamu anali atandandalika zotsatira monga timachitira tsiku lotsekera sukulu: woyamba pamwamba, wotsiriza pansi. Triza anali kumchira.

"Dziko lonse laona," anatero bambowo. "Sukulu yakukana, mwanawe. Mwamuna wa ku Marka uja akufunsabe za iwe. Tikagulitsa thonje, ndiitana akwawo."

Triza zinamuwawa kwambiri, chifukwa sukulu ankaifuna.

Nkhani yake inali yotere. Pakhomopo foni inali imodzi, ya bambo, ndipo bambowo ankayenda panjinga kugula mbuzi m'midzi. Mafunso ankafika m'mawa. Triza ankaigwira foniyo pamene iwo akupopa tayala basi. Akopere mafunso awiri, lachitatu lili pakati, foni yalowa m'thumba, yapita. Madzulo ankajambula zochepa zomwe walembazo n'kutumiza. Kotsalako mphunzitsi ankangothetha.

Mtsikanayu sanapinde manja. Anabwereka njinga, n'kupalasa padzuwa la kuno lija, loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, mpaka kunyumba kwa mphunzitsiyo, madamu Estere.

"Madamu, chonde ndifunseni pakamwa," anatero.

Madamu anamufunsa. Triza ankalemba pansi ndi kamtengo. Zina anakhoza, zina anaphonya ndithu, tisanamizane, koma sanali munthu wokhala kumchira. Kenako Triza anafotokoza za foni ija.

"Ndiye kuti ndakhala ndikuchonga maulendo a bambo ako," anatero madamu.

Kuyambira sabata imeneyo madamu anasiya kuyalutsa ana pagulu. Ankapereka masiku angapo oyankhira. Mwana aliyense ankamutumizira uthenga wa mawu payekha: apa wachita bwino, apa ndi pamene wasochera, bwerezanso unditumizire. Nthawi zina ankaimba n'kufunsa kuti, "Yankho ili unalipeza bwanji?" Amene wangokopera kwa mnzake ankachita chibwibwi pomwepo.

Koma foni inali ikadali ya a Geresomo, ndiye uthenga uliwonse ankayamba kumva ndi iwo. Madamu ankadziwa zimenezi, choncho ankayamba ndi kuwapatsa moni m'Chisena, mwaulemu wonse, kenako n'kulankhula ndi mwana.

Poyamba bambowo analibe nazo ntchito. Uthenga unkagona m'foni osaperekedwa. Triza ankachita kupempha, "Baba, madamu sanatumize kanthu?" Bandulo ikatha ankadikira. Netiweki ikavuta ankakwera pachulu, foni m'mwamba ngati akuitana minibasi, anyamata akumuseka. Samu imodzi ankatha kuibwereza mpaka pepala kubooka. Tsiku lina anatopa, analira, mawa lake anayambiranso.

Pang'ono ndi pang'ono a Geresomo anayamba kumvetsera mpaka kumapeto. Masamuwo sankamvapo kanthu, koma mawu akuti "bwerezanso" ankawamva, ndipo ankamvanso patapita masiku mawu omwewo akusanduka "wakhoza tsopano." Munthu wogula mbuzi amadziwa chiweto chimene chikunenepa.

Thonje linagulitsidwa. Anthu a ku Marka anabwera, anayalidwa mkeka, moni anaperekedwa. Triza anali kuseri kwa nyumba, akumvetsera. M'mawa womwewo madamu anali atatumiza uthenga wonena kuti funso lomaliza waliphonya.

Alendo atamaliza kulankhula, a Geresomo anakhosomola.

"Takhuta pobwera," anawathokoza m'Chisena. "Koma mwanayu aphunzitsi ake amuuza kuti abwereze samu ina. Sindingapereke munthu ntchito ili pakati."

Alendowo anafunsa kuti samuyo itha liti.

"Akamaliza iyi amamupatsa ina," anayankha bambowo.

Sukulu zitatsegulidwa Triza anabwerera m'kalasi. Pa mayeso a Fomu 4 sanakhale woyamba, ayi, koma anakhoza, masamu omwe. Lero akuphunzira zauphunzitsi.

Aphunzitsi inu ophunzitsa pafoni, musanathethe funsani kaye kuti foniyo ndi ya yani, nanga mawu anu akukamveka m'khutu la yani. Malikisi okha sauza mwana pamene wasochera.

Ndipo iwe amene dzina lako lili kumchira lero, dzuka upite ukafunse pamene unaphonya. Akakuuza kuti ubwereze, bwereza. Usataye mtima ntchito ili pakati.