Takhuta, achimwene

Achimwene, lero ndamalizanso mpikisano wothamanga wa makilomita 21 uja. Ndafika cha kumapeto monga mwa nthawi zonse, anthu atayamba kale kupasula matenti. Pamalo omwera madzi, mtsikana wina wochokera ku Blantyre ananditambasulira kapu. Ine ndinati "takhuta," kuthokoza kwathu kwa Chisena. Iye anamva ngati ndakhuta, n'kubweza dzanja. Ndinadutsa ndi ludzu langa.

Apo m'pamene ndinakumbukira chaka choyamba chija. Munasiya makasitomala pa Ngabu m'mawa wonse n'kumanditsatira pa njinga yanu ya kabaza, chigubu cha madzi mutamanga pakaliyala. Ndikangosiya kuthamanga n'kuyamba kuyenda, inu mumaliza belu. Titafika sindinakuthokozeni. Ndinangoti belu lanulo landichititsa manyazi pamaso pa anthu. Inu munaseka, mvekere, "Anthu ake ati? Onse anaweruka kalekale." Patha zaka ziwiri chimwalirireni inu. Lero kumbuyo kwanga kunali ambulansi yokha, ikuyenda pang'onopang'ono, yopanda belu. Takhuta, achimwene. Inu ndiye mumawamva mawuwa.