Kabatani ka pa Nsapato za Amuna Anga

Amuna anga amagwira ntchito yoyeza mazenera. Sitolo imene amagwirako ku Limbe imagulitsa ndi kusoka makatani, ndiye munthu akasankha nsalu, iwo amatenga tepi n'kukwera minibasi kupita kunyumba kwa munthuyo kukayeza. Ntchitoyi anaiyamba tisanakwatirane, ali woonda ngati bango. Mimba inabwera pambuyo pake, pang'onopang'ono, mpaka inafika poti akaimirira sankaonanso mapazi awo.

Makasitomala ambiri a sitoloyo ndi mabanja achimwenye, Asilamu ndi Ahindu, ndipo m'nyumba zawo nsapato zimatsala pakhomo. Tsono tsiku lonse la amuna anga linkathera pa kuvula ndi kuvala. Kuvula sikunkavuta, ankangoponda chidendene ndi phazi linzake. Nkhani inali potuluka. Ankayenera kumasula mfundo, kulowetsa phazi, kenako kuwerama kuti amangenso zingwe, mimba ili pakati ikukana. Nkhope inkatupa, mpweya ukutuluka ngati akukankha galimoto, mwini nyumba ataima pambali kudikira kuti atseke chitseko. Tsiku lina ku Sunnyside atawerama choncho, buluku linang'ambika kumbuyo kuyambira pa lamba, pamaso pa mayi wina wachikulire ndi mpongozi wake. Anafika kunyumba atadzikulunga m'chiuno nsalu ya katani yamaluwa achikasu, ndipo anandiuza kuti mu minibasi yonse palibe anawafunsa kanthu, zomwe zinawawawa kuposa akanasekedwa.

"Bambo, bwanji osangogula nsapato zongolowetsa phazi?" ndinawafunsa ndikusoka bulukulo.

"Mayi, mwamuna wovala nsapato zopanda zingwe ndi munthu wokonzeka kuthawa. Ine ndithawa chiyani?"

Anaganiza njira yawoyawo, yosalowanso m'nyumba za anthu. Ankafika, kupereka moni pakhomo, n'kuzungulira kuseri kukayeza zenera ali panja, ataponda maluwa a eni ake. Makatani anayamba kutuluka aafupi, ena opapatiza. Ku Mpingwe mlonda wa nyumba ina anawapeza akuyeza zitsulo za pazenera la kuchipinda, ndipo anawagwira lamba mpaka mayi wa panyumbapo atatuluka kudzawaombola.

Bwana wawo ndi bambo wachikulire wachimwenye wobadwira ku Limbe komweko, ndipo Chinyanja chake chimaposa changa. Atamva chifukwa chimene makatani ankabwezedwera, sanakalipe. Akuti anaseka mpaka kukhala pa mpukutu wa nsalu. M'mawa mwake anabwera ndi zingwe zimene anachotsa pa nsapato zothamangira za mwana wake.

"Madala, tayesani izi. Mukang'ambanso buluku, katani mubweze yochapa."

Zinali zingwe za lasitiki, zakuda. Zinkalowa m'mabowo a nsapato monga zingwe zina zonse, koma m'malo momanga mfundo, nsonga zake ziwiri zinkadutsa m'kapulasitiki kokhala ndi kabatani. Ukakoka, nsapato inkagwira phazi. Ukadina kabataniko, inkamasuka pompo. Amuna anga anaphunzira kudina ndi nsonga ya nsapato inzake, osawerama n'komwe. Povala ankangogwada pang'ono, kukoka kamodzi, basi zatha.

Sindinawaonepo ali osangalala chotero, ngakhale pa ukwati wathu. Tsiku loyambalo anavula ndi kuvala pabalaza mpaka ndiwo zinazizira. Chovuta n'chakuti munthu amene wavutika zaka zambiri n'kupeza mpumulo safuna kuusunga yekha. Anayamba kuvula nsapato m'malo amene palibe anawapempha kutero. Ankavula kwa wometa tsitsi, ankavula pa mzere wa kubanki, ankavula kuchigayo akandiperekeza. Ankadina, kutulutsa phazi, kuyang'ana uku ndi uku ngati pali waona. Ndipo Lamulungu lina, titafika pakhomo la tchalitchi, anadina mbali zonse ziwiri, kusiya nsapato pa sitepe, n'kulowa ndi masokosi mpaka kutsogolo.

Loweruka lotsatira masana tinalandira alendo, akulu ampingo awiri atavala masuti. Wina anali wamtali waimvi, amene anapuma ntchito kunjanji, ndipo ndiye ankalankhula pa milandu yonse ya mumpingo. Mnzake anali wamfupi, wamimba yoposa ya amuna anga. Ndinawapatsa tiyi, iwo osamukhudza.

"Bambo, tabwera mwachikondi," anayamba wamtaliyo. "Tikudziwa kumene mumagwira ntchito, ndipo anthu amenewo ndi anansi athu, timawalemekeza. Koma ngati mwaganiza zosintha chipembedzo, ndi bwino mutiuze ife poyamba, tisamve kwa ena."

Amuna anga anaimirira pakati pa balaza, kuika manja kumbuyo, n'kudina. Phazi linatuluka. Anadinanso kwinako. Kenako anavala zonse ziwiri tiyi asanasiye kutulutsa nthunzi.

Wamfupi uja anayang'ana nsapato zake, zimene ndinadziwa pambuyo pake kuti ankamangiridwa ndi akazi ake m'mawa uliwonse.

"Tabwerezani," anatero motsitsa mawu.

Alendowo anachoka dzuwa litapendeka, nkhani ya chipembedzo itaiwalika, aliyense atayesa nsapato za amuna anga kangapo ndi kulonjezedwa kabatani kake.

Koma zingwe zoterozo sizinkapezeka m'sitolo iliyonse ya ku Limbe kapena m'tauni. Amuna anga anazungulira osazipeza, mpaka tsiku lina anaona kuti tizipulasitiki tofanana nato timakhala pa zingwe za majekete a mvula. Anayamba kupita pa kaunjika mumsika wa Limbe, kumatembenuza milu ya majekete, osayang'ana kukula kapena mtundu, koma tizibatani basi. Ogulitsa atawazolowera ankangodula okha n'kuwasungira m'kabotolo. Lasitiki ankatenga m'dengu langa losokera, ndipo atatha ameneyo, ndinayamba kupeza makabudula awo amkati akugwa pa chingwe choyanikira chifukwa analibenso chowagwira m'chiuno. Pakhomo pathu pankabwera nsapato zakuda zopolishidwa bwino, zokulungidwa m'mapepala, ndipo zinkabwerera zili ndi kabatani, kena kofiira, kena kobiriwira. Pasanapite nthawi akulu ampingo onse ndi madikoni aamuna anali atalowa m'gulu.

Chaka chimenecho mpingo unakonza ulendo wa ndawala wothandizira denga la tchalitchi, kuchokera pa Ginnery Corner kukwera msewu waukulu mpaka ku Limbe. Unali mwezi wa Okutobala. Tinachedwa kunyamuka podikira bandi ya malipenga, moti poyamba kuyenda dzuwa linali litakwera kale ndipo phula linkanyezimira. Kutsogolo kunali abusa athu, amene anali atsopano, achinyamata, ofulumira kugwetsa misozi pa ulaliki. Pambuyo pawo panali akulu ampingo m'masuti awo, kenako bandi, kenako ife amayi, ndi mpingo wonse kumbuyo.

Kabatani ka jekete kanapangidwira kugwira chipewa cha jekete, osati phazi la munthu wamkulu woguba pa chitunda. Lasitiki wa kabudula nayenso akatenthedwa amatamuka. Tisanafike patali ndinayamba kumva phokoso lina pansi pa malipenga, phwa, phwa, phwa, ngati anthu ovala patapata. Ndinasuzumira pakati pa oimba ndipo ndinaona akulu ampingo akuyenda mokwekwesa mapazi, zala zitakanirira m'kati mwa nsapato, nkhope zili gwa kuyang'ana kutsogolo.

Bandi inasintha nyimbo, n'kuyamba ina yothamanga. Mkulu wamtali uja, amene pa unyamata wake ankakonda kuguba, anaiwala za nsapato. Anaponya mwendo m'mwamba, ndipo nsapato inachoka, kuuluka pamwamba pa mitu yathu, n'kukatera m'lole ya kabichi imene inkatsikira ku tauni. Tonse tinaiona ikupita. Iye anayenda pang'ono mopendama, phazi lina lili ndi nsapato, lina sokosi, kenako posafuna kutsimphina pagulu anavula inayo n'kupitiriza. Wamfupi uja potembenuka kuti aone, anapondedwa chidendene ndi woimba ng'oma, ndipo anatuluka m'nsapato zake zonse ziwiri ngati munthu wotsika pa basi. Zitatero ena onse anasiya kulimbana nazo. Nsapato zinayamba kutsala mumsewu, ife amayi tikutola n'kumaika m'zitenje. Kondakitala wa minibasi ina anatulutsa mutu pazenera n'kukuwa kuti, "Madala, mukugulitsa kapena mukutaya?"

Apa m'pamene abusa anatembenuka. Anaona akulu onse a mpingo wawo, anthu aimvi, akuyenda pa phula lotentha ndi masokosi okha, ena obooka, popanda wodandaula. Anakweza dzanja, bandi inaleka.

"Abale ndi alongo," anatero, "taonani makolo athuwa. Palibe anawauza. Adzichepetsa okha chifukwa cha nyumba ya Mulungu. Ine ndine yani kuti ndiyende ndi nsapato?"

Anakhala m'mphepete mwa msewu, kumasula zingwe zawo, kuvula ndi masokosi omwe. Akulu ampingo anayang'anana. Panalibe amene akanatsegula pakamwa kunena kuti vuto ndi lasitiki wa kabudula. Wamtali uja anangogwedeza mutu mwaulemu, n'kuvulanso masokosi ake. Mpingo wonse unatsatira, oimba malipenga, ife amayi, aliyense.

Amuna anga, amene anali pafupi nane, anamwetulira, chifukwa nthawi yawo inali itakwana yoti avule pamaso pa mpingo wonse. Anaika manja kumbuyo n'kudina. Palibe chinachitika. Anadinanso. Kabatani kawo, kenikeni kaja kochokera kwa bwana, kanali katadzaza fumbi, ndipo mapazi anali atatupa ndi kutentha moti lasitiki anali atakanirira. Anayesa kuponda chidendene, nsapato inakana.

"Mayi, tabwerani," anandinong'oneza.

Ndinagwada pa phula n'kuyamba kudina ndi zala zonse, kukoka, kumenya ndi mwala. Nditadzutsa mutu ndinaona amayi angapo nawonso atagwada pamaso pa amuna awo, poganiza kuti ndi gawo la mwambo. Abusa anapukuta misozi ndi kupereka chizindikiro kuti bandi iyambe.

Tinayenda choncho mpaka ku Limbe. Sindidzaiwala moto wa msewu umenewo. Tinkadumphadumpha kufunafuna mzere woyera wa m'mphepete, umene unkatentha pang'ono, ndipo anthu oonerera ankati tikuvina. Magalimoto ankaima, anthu kutsika kudzaponya chopereka m'mbale, ena akugwedeza mitu ndi chisoni. Pakati pa khamu lonselo munthu mmodzi yekha ndiye anali ndi nsapato, zopolishidwa, zikulira kwa, kwa pa phula. Amayi a kumbuyo kwanga ankalankhula mosabisa.

"Taonani kudzikuza. Pakhomo la tchalitchi amavula popanda wowatuma, lero abusa avula, iwo ayi."

Titafika tinakhuthula zitenje pansi pa mtengo. Nsapato za akulu ampingo zonse zinali zakuda, zofanana, ndipo tizibatani tambiri tinali titagwera m'njira. Anthu otopa, a matuza kumapazi, anasankha mosaleza mtima. Wamfupi uja anapita kwawo ndi nsapato ziwiri za kumanzere. Wamtali anakwera minibasi atanyamula imodzi m'manja, osatiyang'ana. Kunyumba ndinadula zingwe za amuna anga ndi sizasi, ine mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, iwo alibe tuza ngakhale limodzi.

Lamulungu lake abusa analalikira za kudzichepetsa, ndipo analengeza kuti popeza ulendowo unakhudza mitima ya anthu ambiri mumzinda, uzichitika chaka ndi chaka, wopanda nsapato. Anawonjeza kuti tipempherere mbale wathu mmodzi amene mtima wake sunafewebe. Sanatchule dzina, koma mabenchi onse anatembenuka.

Akulu ampingo anakumana paokha kukambirana za amuna anga. Kuwadzudzula poyera kukanafuna kufotokoza za lasitiki, choncho anagwirizana zowapatsa chilango cha mtundu wina. Anawaika kukhala wosunga nsapato za mpingo pa ulendo wa chaka chilichonse, kuti aziyenda kumbuyo kwenikweni, kutali ndi bandi, akukankha ngolo. Ngolo yodzaza singakankhidwe pa chitunda ndi munthu wopanda nsapato, ndiye iwo okha ndi amene amaloledwa kuvala. Ntchitoyi amaikonda kwambiri. Amamanga nsapato za munthu aliyense pamodzi ndi kachingwe, amazifunditsa katani yakale kuti zisagwe fumbi, ndipo amayenda pang'onopang'ono akupereka moni kwa oonerera. Ine ndimakhala kutsogolo ndi amayi anzanga, kulimbirana mzere woyera, ndipo pa sabata imeneyo kunyumba amuna anga amaphika okha, ine ndikuchiza matuza.