Mapazi Seveni Kufika Pakhomo la Chigafa

Ndikadutsana ndi lole yonyamula mabelo a fodya pamsewu wa Mchinji, fungo lake limandibweza m'chigafa cha pa esiteti ina kufupi ndi Mavwere, momwe agogo a Namakhwa ankakhala pachiguduli miyendo ili tambalale, akusankha fodya tsamba ndi tsamba, fumbi likuwayetsemulitsa, kawailesi kawo komangidwa ndi mphira kakulira m'khosi ngati kali ndi chimfine. Sanali agogo anga enieni. Anali tenanti mnzawo wa bambo, wochokera ku Phalombe, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Ankakhala okha, ndipo chaka chimenecho ankangonena kuti akadinda belo lomaliza abwerera kwawo, mafupa atopa. Palibe amene ankawakhulupirira.

Ndili Sitandade 7, aphunzitsi anati aliyense alankhule mphindi zitatu kutsogolo kwa kalasi. Ine anandipatsa mutu wa madzi aukhondo. Ndinkadziyesa katswiri, poti ndinali nditamva mmene akuluakulu amayambira kulankhula pamaliro ndi pamisonkhano. Ndiye ndinaima, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo aphunzitsi athu. Zikomo ahedi, ngakhale muli ku ofesi. Zikomo amonitala. Zikomo anyamata, zikomo atsikana..."

Ndinapepesa kuti ndine mwana, ndinapepesanso kuti kulankhula sindidziwa. Ndikuti nditchule madzi aja, aphunzitsi anagogoda tebulo.

"Nthawi yatha. Udzayesenso Lachisanu."

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Pofika nthawi yoweruka ndinali ndi dzina latsopano, Nazikomo.

Kunyumba ndinalumbira kuti kusukulu sindidzapondako. Bambo sanakalipe. Anangoti, "Chabwino, m'chigafa mukusowa manja. Ukapanda kupita Lachisanu, yunifolomu tipatsa mng'ono wako." Bambo sankadziwa nthabwala, ndipo ndinkawadziwa atsikana angapo amene analowa m'chigafa motero osabwereranso m'kalasi.

Mawa lake ndinali pambali pa agogo a Namakhwa, manja akumata ndi utomoni wa fodya, misozi ili m'maso. Anandifunsa chavuta, ndinawauza.

"Tayamba timve," anatero.

Nditangofika pa zikomo wachiwiri, anadzuka, kusasa fumbi, n'kuyamba kutuluka.

"Agogo, mukupita kuti?"

"Ndatopa. Kuchokera pano kufika pakhomopo ndi mapazi seveni. Undiimitse ndisanatuluke."

Ndinayesa. "Lero ndikufuna kulankhula za madzi."

"Funa bwino," anatero, osacheuka n'komwe.

"Madzi ndi moyo!"

"Zimenezo ndinamva pa wailesi iwe usanabadwe." Ulendo, mpaka panja.

Koma abale, munthu wamkulu ameneyu anandizunza masiku awiri athunthu. Anthu osankha fodya ankaseka mpaka kutsokomola. Mapeto ake ndinapsa mtima. "Nanga ulemu si inu nomwe akuluakulu mumatiphunzitsa?"

Apo sanaseke. Anakhala pansi, natola tsamba, n'kumaliwongola pabondo nthawi yaitali.

"Pa esiteti ina kumene ndinayamba," anatero, "chitsime chathu chinali matope okhaokha, ng'ombe zikumwa pomwepo. Anzanga anandisankha ine kuti ndikalankhule ndi bwana manijala, ati ndine waulemu. Ndinamupeza akutuluka mu ofesi, makiyi ali m'manja. Ndinavula chipewa, kunjuta, kumupatsa moni, kufunsa za amayi kunyumba, za ana, za ulendo wake wa ku Lilongwe. Amayankha uku akuyenda. Ndisanatchule chitsime, chitseko cha galimoto chinali chitatsekedwa. Sanabwerenso mpaka mvula itagwa. Mvula imeneyo mwana wanga Esitere anatsekula m'mimba masiku atatu, n'kutisiya."

Anaika tsamba lija pambali, n'kupitiriza.

"Mwina akanakana ndithu, sindidziwa. Koma sanamve n'komwe. Moni sathawa, mwanawe. Amathawa ndi munthu. Yamba wamugwira, moni umupatsa atakhala pansi."

Lachinayi ndinatunga madzi padambo pomwe tinkatunga mjigo ukafa, ofiira, tizinyalala tikuyandama. Ndinalowa nawo m'chigafa m'botolo. Agogo atangodzuka ndinati, "Agogo, madzi awa mungamwe? Ine ndamwa m'mawa uno."

Anaima pa phazi lachitatu. Anacheuka, kuyang'ana botolo, kuyang'ana ine, n'kubwerera pachiguduli.

"Ehe. Tsopano zikomo mmodzi yekha, wa tonse. Ukatero utiuze kumene ukupita nafe, tisaope ulendo."

Lachisanu ndinavala yunifolomu, n'kubwerera kusukulu. Anyamata akumbuyo anayamba kale kuwomba m'manja monyoza, "Zikomo, zikomo!" Ndinaika botolo patebulo la aphunzitsi, n'kufunsa funso langa. Phokoso linatha ngati wathira madzi pamoto. Ndinati zikomo kamodzi, ndinawauza kuti ndinena kumene madziwo achokera, matenda amene ali m'menemo, ndi mmene tingawaphitsire. Mphindi zitatu zinandikwanira, ndipo aphunzitsi sanagogode tebulo.

Ndinathamanga liwiro la mtondo wadooka kuti ndikawauze agogo. Ndikufika pa esiteti, ndinapeza lole ikulira kale, matenanti angapo ali pamwamba ndi mitolo yawo. Agogo a Namakhwa anali pakati pawo, kawailesi kali pamiyendo. Belo lomaliza lija anali atadindadi.

Ndinafika pafupi ndili wefuwefu. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita, ine Nazikomo? Ndinagwada.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Ndaswera, mwanawe, kaya iwe?"

"Ndaswera bwino, zikomo. Kodi ulendo..."

Dalaivala anaponda moto. Ndinaona pakamwa pawo pakufunsa kanthu, koma injini inameza mawu onse, kenako fumbi linameza lole. Sanalembe kalata, poti kulemba sankadziwa, ndipo mudzi wawo ku Phalombe palibe amene ankaudziwa dzina.

Lero ndimaphunzitsa kusekondale kuno ku Mchinji konkuno. Mwana akaima kutsogolo n'kuyamba kundiwerengera maudindo a anthu onse, ndimanyamula chikwama changa n'kulunjika kukhomo. Amandidziwa, amanditcha Madamu Seveni, ndipo ambiri amandiimitsa ndisanafike pa phazi lachinayi. Ndimabwerera, ndimakhala pansi, ndimalandira moni wawo.

Koma ndimawasowa agogo aja, ndimawasowa kwambiri. Sindidziwa kumene anagona, sindidziwa ngati anapita akuganiza kuti ndinathera m'chigafa. Tsiku lija ndinali ndi mapazi anga seveni, lole isanachoke, ndipo mawu ofunika anali awiri okha: "Agogo, ndawaimitsa!"